Moto wa Chikondwerero ku Magombe a Spain, ndi Moto Wathu wa ku Domasi

M'chaka cha 1964, pakati pa usiku wa pa 5 Julayi kucha wa pa 6, pamene mbendera ya Angerezi idatsitsidwa pa bwalo la Central Stadium ku Blantyre, ndi mbendera yathu ya dzuwa lotuluka idakwezedwa pamaso pa Dr. Kamuzu Banda, Prince Philip ndi khamu la anthu ochokera m'maboma onse, thambo la mzindawo lidawala ndi makombola, ndipo anthu amene makolo awo adadziwa onga ngati chida cha nkhondo ndi cha uzimba adauona usiku umenewo ukutumikira chimwemwe. Patangopita masabata owerengeka, m'mwezi wa Ogasiti wa chaka chomwecho, mzinda wina wa m'mbali mwa nyanja yamchere kumpoto kwa dziko la Spain, dzina lake San Sebastián, udayambitsa mpikisano wa amisiri a makombola ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Ndipo mpikisanowo ukuchitikabe kufikira lero lino, pa gombe lomwelo ndi m'sabata yomweyo, kupatula zaka za mliri wa Covid-19, 2020 ndi 2021, pamene misonkhano ya anthu ambiri idaletsedwa.

Wina wa pa msika wa Songani, kapena wa kwa Malemia, powerenga izi akhoza kufunsa kuti, kodi ife a m'chigwa cha Domasi, amene nyanja yathu ndi Chilwa wa matope ndi matemba, tili nazo chiyani za anthu akutsidya amene amatentha chuma chawo mumlengalenga? Funsolo n'labwino, ndipo sindilinyoza. Koma akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo ine ndiyesa kuti munthu amene wapenyetsetsa mmene eni magombe aja amasamalira moto wawo wa chikondwerero, akatembenuka kuyang'ana phiri la Malosa usiku wa m'mwezi wa Seputembala, adzazindikira chinthu chimene wakhala akuchiona kuyambira ubwana wake osachilingalira, pakuti nafenso tili nayo nyengo ya moto ndi ya magule, ndipo imagwa pafupifupi pa miyezi yomweyo.

Koma kunena za kutentha ndi kuzizira, nyengo zawo ndi zathu zimayenda motembenuzana. M'mwezi wa Juni, pamene ife tikuotha moto m'mamawa, chiperoni chitakuta nsonga za Zomba ndi Malosa, dzuwa n'kumalowa 6 koloko isanakwane, kwa iwo ndiye kuti chilimwe chayamba, ndipo masiku atalika kotero kuti 9 koloko ya usiku imakwana kunja kukali koyera. Masana kumatentha, anthu amabisala m'nyumba, ndipo mzinda wonse umatulukira panja madzulo. Ndi mwambo wakalekale ku Ulaya kusonkha moto pabwalo m'masiku ataliwa. Ndipo popeza Mpingo umakumbukira kubadwa kwa Yohane Mbatizi pa 24 Juni, moto uja udatenga dzina la mneneriyo. Usiku wa pa 23 mabanja amatsikira ku gombe ndi nkhuni, mipando yothyoka ndi kamba, nasonkha moto pamchenga. Achinyamata amalumpha malawi, ndipo pakati pa usiku ambiri amalowa m'nyanja kukasamba.

Mzinda umene udaukuza mwambowu ndi Alicante, wa pa nyanja ya Mediterranean, kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Kumeneko, m'chaka cha 1928, munthu wina dzina lake José María Py adakopa akuluakulu a mzinda kuti moto umene anthu ankasonkha aliyense pakhomo pake usanduke chikondwerero cha mzinda wonse, cholongosoka ndi chokopa alendo. Kuyambira pamenepo dera lililonse la mzindawo lili ndi komiti yake, imene imasonkhetsa ndalama chaka chathunthu, nilemba amisiri oti aumbe zifanizo za matabwa ndi makatoni, zopakidwa utoto wonyezimira, zina zazitali kulingana ndi nyumba zosanja. Ndipo zambiri mwa izo zimanyogodola andale, anthu otchuka ndi zopusa zonse zimene zachitika m'chakacho, kotero kuti nduna ikhoza kudzipeza itaima pa mphambano, mphuno yake itatalikitsidwa, ana akuiloza zala. Zifanizozo zimaimikidwa m'misewu cha pa 20 Juni. Anthu amayenda dera ndi dera kukaziona, oweruza amapereka mphoto, magulu a malipenga amazungulira, ndipo m'misasa ya makomiti mumadyedwa mkate wophikira pamodzi ndi nsomba ya tuna, ndi nkhuyu zoyamba kupsa.

Tsiku ndi tsiku m'masiku a chikondwererocho, 2 koloko masana, khwimbi la anthu limadzaza bwalo lotchedwa Plaza de los Luceros kukamvera makombola amene alibe chooneka china koma utsi, amene ntchito yawo ndi phokoso basi. Mmisiri amawayala mwa dongosolo kuti ayambe pang'onopang'ono, apitirire mofulumira, ndipo pomaliza aphulike onse motsatizana mpaka nthaka injenjemere ndi chifuwa cha munthu chigwedezeke. Eni ake amalangiza mlendo kuti asatseke pakamwa zolimba, kuti makutu asapweteke. Ndiye pa 24 Juni, pakati pa usiku, maso onse amaloza ku phiri la Benacantil, pamene pali linga lakale la Santa Bárbara. Kuchokera pamenepo makombola oyera ochuluka amaomberedwa nthawi imodzi, n'kuyala nthambi za moto pamwamba pa mzinda wonse mbee, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti nthawi yotentha yakwana. Zifanizo zija, ntchito ya miyezi yambiri, zimayatsidwa chimodzi ndi chimodzi, ozimitsa moto ataima pomwepo ndi mapaipi awo kunyowetsa makoma a nyumba zoyandikana, ndi kuthiranso madzi achinyamata amene amawaputa dala kuti awaziziritse. Kachifanizo kamene anthu akakonda mwa voti kamapulumutsidwa n'kusungidwa m'nyumba ya zakale. Zina zonse kukamacha zili phulusa.

Mtima wa mlimi umawawa pakumva zotere, ndipo wanganso udawawa. Koma tisafulumire kuweruza, pakuti ndalama zija sizipsa ayi: zatsala m'matumba a kalipentala, wopaka utoto, woliza lipenga, wosoka zovala, wophika ndi mwini nyumba ya alendo, ndipo chimene chapsa ndi matabwa ndi mapepala, zimene zikadasungidwa zikadatsekereza amisiriwo ntchito ya chaka chamawa. Phulusa lisanazirale n'komwe, kuyambira pa 25 kufikira pa 29 Juni, anthu amatsikiranso ku gombe usiku ndi usiku kukaona mpikisano wa makombola oomberedwa pamwamba pa madzi.

Ku San Sebastián, umene eni ake a mtundu wa Basque amautcha Donostia, zinthu zimayenda mofatsirapo. Sabata yawo yaikulu ndi imene muli tsiku la 15 Ogasiti, limene Akatolika amakumbukira kutengedwa kwa Maria kunka kumwamba. Mzindawo udamangidwa mozungulira gombe lokhota la La Concha, chilumba chili pakamwa pake ndi mapiri mbali zonse ziwiri, kotero kuti munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, amapeza poima popanda kulipira kanthu. Usiku uliwonse kampani imodzi imapatsidwa mpata woonetsa luso lake, nthawi yake ndi 10:45, ndipo chionetserocho sichifika ngakhale theka la ola. Oweruza amapenya kuyera kwa mitundu, kayalidwe kake mumlengalenga, ndi ngati pali mpata wa mdima umene wasiyidwa mosasamala. Anthu wamba nawonso amaponya voti yawo, atakhala pamchenga kapena m'mabwato, ambiri akunyambita ayisikirimu, umene kumeneko ndi mwambo wa usikuwo. Mzinda wa Tarragona, pa gombe la kum'mawa, udayamba mpikisano wake mu 1990, kumayambiriro kwa Julayi, ndipo mizinda ina yambiri ili ndi masiku ake.

Kodi kombola lotere limapangidwa bwanji, kuti likwere ndi kukaphulikira pamwamba ndithu, osati m'manja mwa mwini wake? Taganizani za chipatso cha mteme, chigoba cholimba kunja ndi njere zambiri mkati. Chigoba cha kombola n'cha mapepala omatidwa. Pakatikati pake pali onga wophulitsa, ndipo mozungulira ongawo mmisiri amayala timibulu ta mankhwala oyaka, timene ndito timaoneka ngati nyenyezi. Mbuluwo umalowetsedwa m'paipi yoimika choloza kumwamba, pansi pake pali onga wina wokankha. Onga wapansiwo ukayatsidwa umaponya mbulu kumwamba, ndipo nthawi yomweyo umayatsa chingwe chonyeka pang'onopang'ono, chimene utali wake udayesedwa kuti moto ufike pakati mbulu uli pa nsonga ya ulendo wake. Maonekedwe onse amene timazizwa nawo, kaya ndi duwa, kaya ndi mphete, kaya ndi msondodzi wolendewera, adayalidwa kale ndi zala za mmisiri mkati mwa chigobacho. Ndipo chifukwa chimene munthu woima patali amaona kuwala poyamba, phokoso n'kubwera pambuyo, n'chakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, pamene kuwala kumafika pompo. Choncho wowerenga masekondi atatu pakati pa ziwirizi adziwe kuti waima pa mtunda wa kilomita imodzi.

Mitundu ija imachokera m'nthaka. Amisiri a ku Italy ndiwo adaphunzira, cha m'zaka za m'ma 1830, kusakaniza mchere wa miyala yosiyanasiyana kuti moto usinthe nkhope. Wachikasu umachokera ku sodium, amene ali mu mchere wathu wa ndiwo, ndipo mayi aliyense amene adagwetsapo mchere pa mafuwa adawaona malawi achikasuwo. Wobiriwira umachokera ku barium. Woyera wothobwa m'maso ku magnesium ndi aluminiyamu. Wabuluu ku mkuwa, wonga umene abale athu a ku Zambia amakumba, ndipo mtundu umenewu ndiwo wovutitsitsa, pakuti moto ukanyanya kutentha ubuluu umafwifwa, kotero kuti amisiri amayesana luso pa iwo. Wofiira psuu umachokera ku strontium. Ndipo pano mwana wa Malawi aimike khutu, pakuti phiri la Kangankunde m'boma la Balaka, kutsidya kwa Shire, ulendo wosatalika kuchokera ku Domasi, lili ndi mwala wa strontianite, umene ndi gwero la mankhwala amenewa. Abusa a mbuzi akhala akuuponda mibadwomibadwo osadziwa.

Onga weniweniwo udatulukira ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre. Udayenda ndi amalonda ndi ankhondo kufikira m'mayiko a Aluya, ndipo ku Spain udaonekera m'nkhondo za Asilamu ndi Akhristu, monga pa kuzingidwa kwa mzinda wa Algeciras pakati pa 1342 ndi 1344. Kuno kwathu udafika ndi maulendo a kunyanja yamchere, pamene Ayao ankasenza minyanga ndi kutsogoza akapolo kunka ku Kilwa ndi ku Quelimane, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti za gogodera ndi migolo ya onga. Chigwa chino chidalidziwa bwino fungo lake. Pamene Mbusa Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, mfuti ndiyo inkalamula; ndipo kumayambiriro kwa 1895 Kawinga wa ku phiri la Chikala adathira nkhondo Malemia, mishoniyo n'kukhala pa ngozi, kufikira asilikali a boma la atsamunda adakwera Chikala namuthamangitsa. Komabe ngakhale m'masiku oipawo onga sunali wa imfa yokha, pakuti ulendo ukabwerako bwino kunyanja mfuti zinkaombedwa m'mwamba kuti mudzi udziwe ndi kukondwa, ndipo pa maliro a mfumu zinkaombedwanso kupereka ulemu.

Tsono tiyeni tibwere ku nyengo yathu. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mpunga utapunthidwa, nandolo akukhwima m'minda, ana atatsekera sukulu, ndi mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, chigwa chonse kuyambira ku Songani kufikira ku Malosa, ndi kutsikira kwa Kuntumanji, chimadzuka ndi ng'oma za zinamwali. Anyamata amapita ku jando, atsikana ku nsondo. Ndipo amene adayendapo pa msewu wa Zomba kunka ku Liwonde m'masabata amenewo akudziwa mmene gulu la manganje limadzazira msewu, amayi atamanga zitenje m'chiuno, nthambi zili m'manja, nthungululu zili pakamwa, woyendetsa minibasi wopupuluma n'kuphunzira kudekha kumene mayi wake adalephera kumuphunzitsa. Za mkati mwa ndagala, msasa wa anamwaliwo, sindilemba, pakuti sizili za m'magazini, ndipo anakanga angandiyese mwana wosalangidwa. Koma chimene chimachitika poyera n'chodziwika kwa onse: usiku wotsiriza mudzi sugona, kuli mchezo, thobwa lafululidwa, mpunga uli pamoto, ndipo pamene anamwali akutuluka, msasa umene adakhalamo umatenthedwa, iwo n'kuchoka osacheuka, pakuti ubwana wawo watsala m'menemo. Kukacha amasambitsidwa, amavala zatsopano, amalandira mayina atsopano, ndipo amene dzulo ankaitanidwa ndi dzina la paubwana lero ndi Che Uje, amene ngakhale amalume ake amamulankhula mwaulemu.

Ndipemphe owerenga alingalire za moto umenewu. Uli ndi mwini wake, pakuti sayatsa wina aliyense koma amene mwambo udamupatsa udindo. Uli ndi nthawi yake, imene mfumu ndi akuluakulu adapangana, ndipo masiku ano mafumu ambiri adakhazikitsa lamulo lakuti misasa itsekedwe sukulu zisanatsegulidwe. Uli ndi malire ake, pakuti umanyeketsa msasa wokha, akulu ataima pomwepo. Uli ndi tanthauzo lake, limene aliyense woona amalimva popanda womuuza. M'zonsezi moto wa ndagala ndi moto wa ku Alicante ndi pachibale, ngakhale wina ndi wa udzu ndipo wina ndi wa ndalama zankhaninkhani. Ndipo ngati munthu wa ku Spain akadaima pa bwalo lathu usiku wa mchezo, sindikhulupirira kuti akadafuna womasulira.

Sindiiwala ziyala za abale athu Achisilamu, zokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, pamene mbendera zimayenda pamsewu ndi amuna amavina sikiri mpaka thukuta kamukamu. Tsiku lake limatsata mwezi wakumwamba, choncho chaka ndi chaka limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11. Sindiiwalanso beni, gule amene adabadwa potsanzira perete ndi malipenga a asilikali, amene ife oyandikana ndi Zomba, mudzi wa King's African Rifles, tili ndi chifukwa chomutcha wathu. Chigwa chino sichisowa chikondwerero.

Koma ulipo moto wina, umene ndi wowala koposa yonse, ndipo ndiwo wandilembetsa nkhaniyi. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, munthu akatuluka panja usiku n'kukweza maso, amaona mizere yofiira ikukwawa pa mapiri a Zomba ndi Malosa, pena kutsika m'zigwembe, pena kukwera m'matanthwe, usiku umodzi, usiku wachiwiri, nthawi zina sabata yathunthu. Ndipo ndamvapo alendo odzaphunzira pa koleji ya aphunzitsi akuima pakhonde nanena kuti n'zokongola. Kukongola kulipo ndithu, sindikana. Koma moto umenewo ulibe mwini. Wayatsa ndi mnyamata wosaka mbewa, kapena wofula njuchi, kapena wootcha makala amene uvuni wake wabooka, kapena munthu wokwiya chabe. Ndipo pofika m'mawa iyeyo ali kwawo akudya, pamene moto, monga adanenera akale, ukupita kumene kwatsala tchire. Nkhalango ya Zomba ndi Malosa idaikidwa m'manja mwa boma kuti itetezedwe, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'menemo. Koma lamulo lolembedwa silithamanga ngati malawi a mwezi wa Okutobala.

Chimene chimapsa m'phirimo si udzu wokha. Timitengo tongophuka timafa, masamba ofunditsa nthaka amasanduka phulusa, ndipo mvula ya Disembala ikagwa pa nthaka yambulanda sikhala ndi nthawi yolowa pansi kukadyetsa akasupe, koma imathamanga yofiira kutsikira mu mtsinje wa Domasi, itanyamula dothi la phiri. Mtsinje umenewu ndiwo moyo wa chigwa chonse: m'mbali mwake muli mishoni, Domasi College of Education, Malawi Institute of Education kumene amakonza maphunziro a ana a dziko lonse, maiwe a nsomba a National Aquaculture Centre, ndi kumunsi sikimu ya mpunga, madziwo asanakathire m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayo idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Ndipo ngakhale chifukwa chachikulu chidali kuchepa kwa mvula, palibe msodzi wa ku Kachulu amene angakane kuti nyanja yosaya, yolandira matope chaka ndi chaka kuchokera ku mitsinje yosefukira m'dzinja ndi yophwa m'chilimwe, imafulumira kugonja. Makombola a ku San Sebastián amazima theka la ola lisanathe, anthu n'kupita kukagona. Chionetsero chathu cha m'phiri timachilipira ndi madzi a ana athu.

Tisayese kuti anthu a ku Spain adabadwa ndi nzeru zimenezi. Nawonso adaphunzira ndi misozi. Mu 1985, ku San Sebastián komweko, kombola lina lidaphulikira pakati pa anthu, mwana adamwalira ndipo ambiri adavulala. Lero malo oombera amatchingidwa, mtunda wa pakati pa mapaipi ndi anthu umayesedwa, makombola amayatsidwa ndi magetsi mmisiri ali patali, ambulansi ndi ozimitsa moto amafika anthu asanafike, ndipo mphepo ikakula chionetsero chimaimitsidwa ngakhale khamu lidandaule. Amakonda kuombera pamwamba pa nyanja chifukwa madzi sapsa. Ifenso tidalawa chowawa cha khamu losayendetsedwa bwino pa 6 Julayi 2017, pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, adafa popondana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe, pa tsiku lokondwerera ufulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wokonza chikondwerero ayambe waganiza za khomo lotulukira asanaganize za woimba.

Makombola ang'onoang'ono adafika kale m'misika yathu, ndipo usiku wolowa chaka chatsopano, pamene ena ali m'matchalitchi kuchezera m'mapemphero, phokoso lake limamveka kuyambira ku Zomba kufikira m'midzi. Mwayi wathu ndi wakuti usiku umenewo umagwa m'dzinja, tchire lili lobiriwira; koma denga la udzu limauma msanga, ndipo dzanja la mwana silimera kachiwiri. Pa nkhani iyi mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya msatsi msemere sugwira ntchito. Kholo limene lagula makombola liyatse lokha, pabwalo loyera, kutali ndi nkhokwe, khola ndi malo ogulitsira mafuta, ndowa ya madzi ili pafupi. Oonerera aime kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi ndi mbaliwali zipite kwina. Kombola limene lakana kuphulika lisaweramiridwe kapena kutoledwa, koma lisiyidwe nthawi ndithu, kenaka lithiridwe madzi. Ndipo tikumbukire makanda, odwala ndi okalamba, tiwachenjeze kukadali masana, pakuti chimene chili chimwemwe kwa mnyamata chikhoza kukhala mantha aakulu kwa gogo wake.

Nanga kodi Domasi ayenera kukhala ndi usiku wake wa makombola, monga magombe aja? Ine ndikuti ayi. Ndalama zake tilibe. Miyezi yathu ya zikondwerero ndiyo miyezi imene mbaliwali imodzi ikhoza kutentha phiri lonse. Ndipo Chilwa, amene wina angamuyese nyanja yoombera, wazunguliridwa ndi madambo a bango ndi njedza mmene mumaswana mbalame zosawerengeka, mmenenso asodzi amagona m'zimbowera zawo, ndipo ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa m'pangano la mayiko la Ramsar loteteza madambo. Chimene ndimasirira kwa anthu a ku Spain si onga wawo, koma kuti tsiku lawo n'lokhazikika, kotero kuti mwana wa mzindawo wogwira ntchito kutali amapempheratu tchuthi, mlendo amasungitsiratu malo ogona, ndi mayi wogulitsa chakudya amadziwiratu ufa woti agule. Anzathu ena adachizindikira kale chimenechi: Achewa a m'mayiko atatu amadziwa kuti Loweruka lotsiriza la Ogasiti ndi la Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Alhomwe, kuyambira 2008, amadziwa kuti Okutobala ndi wa ku Chonde. Ife tili ndi manganje, beni, sikiri, makwaya a mipingo, mpunga wonunkhira ndi phiri loti alendo akwere, ndiponso mdima wathu umabwera msanga, kotero kuti ana akhoza kuona zonse ndi kukagona pa nthawi yake. Koma mwana wa kuno amene ali ku Johannesburg sangathe kuuza mnzake tsiku loti abwere.

Choncho ndikupempha mwaulemu Gogo Chalo Malemia, magulupu ndi nyakwawa zawo, pamodzi ndi atsogoleri a mizikiti ndi a mipingo, kuti akakhala pansi kupangana za masiku a zinamwali za chaka chino, apanganenso zinthu ziwiri: tsiku limodzi lodziwika, losasuntha, limene magule onse a m'chigwa adzakumane pa bwalo limodzi, ndi sabata imodzi ya m'mwezi wa Juni kapena Julayi, udzu usanaumitsitse, imene mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa phiri udzatuluke ndi makasu ndi zikwanje kukalambula njira zotchinga moto kumtunda kwa akasupe ake.